Mapulagi a Ferguson ya petulo akuda mwaye masiku awiri okha, tiyambire pati?

Mlimi wa ku Bembeke: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndili ndi thalakitala ya Ferguson yotuwa ija ya petulo, TEA-20, ya masilinda anayi. Ndikamanga mapulagi atsopano imalira bwinobwino tsiku loyamba ndi lachiwiri. Lachitatu m'mawa yayamba kutsokomola, ikulira ngati silinda imodzi yagona, utsi wakuda ku ekizozi. Ndikamasula ndikupeza onse anayi ali bii. Seti yachitatu ino chiyambire Meyi. Ntchito yake pano ndi kukoka ngolo ya mbatata ya kachewere kuchoka kudimba kukafika kumsewu, mtunda wosakwana makilomita awiri. Anyamata akamapakira imakhala ikulira chiimire, chifukwa ikazima imavuta kudzuka. Kodi mapulagi amasiku ano ndiwo achabechabe, kapena pali china?

Mnyamata wa pa garaja ku Kampepuza: Gulani mapulagi otentha bwana, nkhani yatha. Ozizirawo sagwirizana ndi injini zakale.

Makaniko wa pa Lizulu: Dikira kaye mphwanga, usawagulitse seti yachinayi tisanaone. Bambo a ku Bembeke, mawu oti "akuda" sakukwanira. Kuda kulipo kwa mitundu itatu ndipo uliwonse uli ndi kwawo. Pali mwaye wouma, wofewa ngati wa pansi pa mphika, woti mukaukhudza umatsalira pachala ngati ufa. Umenewo ndi petulo wochuluka kuposa mpweya, kapena moto wofooka, kapena injini yosatentha. Pali kuda konyowa, konyezimira, komata: ameneyo ndi oyilo amene akulowa mu silinda. Ndiye pali kunyowa konunkha petulo, kumene kumasonyeza kuti silindayo sikuwotcha n'komwe.

Chitani izi. Tengani katoni, boolani mabowo anayi, lembani 1, 2, 3, 4. Nambala 1 ndi silinda ya kufupi ndi redieta. Musanamasule, pukutani fumbi m'mphepete mwa pulagi iliyonse kuti lisagwere mkati. Pulagi ikatuluka, ilowe pa bowo lake. Ngati ina ili yonyowa, ipakeni pa pepala loyera n'kuliika padzuwa mphindi zisanu. Petulo amauma osasiya kanthu koma kakuda ka mwaye, oyilo amasiya banga loonekera ngati la mafuta a mandasi. Mutiuze zimene mwapeza.

Mlimi wa ku Bembeke: Ndachita. 1, 2 ndi 3 mwaye wouma. Nambala 4 yonyowa, ikununkha petulo, koma pa pepala kabanga ka oyilo katsalanso pang'ono.

Makaniko wa pa Lizulu: Ndiye matenda alipo awiri. La onse anayi ndi lina, la nambala 4 ndi lakelake. Tiyambe ndi la onse chifukwa ndi lotchipa.

Mkulu wa ku Tsangano: Ndisanaiwale, yang'anani kachitsulo ka nambala kali pafupi ndi chiwongolero. Ngati palembedwa TEA ndi ya petulo yekha. Ngati ndi TED, imeneyo anaipanga kuti izidzuka ndi petulo kenako n'kumayendera mafuta onga parafini, ili ndi thanki ya zipinda ziwiri ndi chitsulo chophimba manifodi kuti izitentha kwambiri. TEF ndi ya dizilo, ilibe nkhani ya mapulagi. Ndanena chifukwa mathalakitala amenewa anapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo pa zaka zonsezi ambiri anasinthidwapo hedi kapena kabuleta. Zimene zili pa injini lero si nthawi zonse zimene inabadwa nazo.

Tsono za mwayewo. Nsonga ya pulagi, ka dongo koyera kaja, imadziyeretsa yokha ikatentha kufika madigiri 450 mpaka 500. Pansi pa pamenepo mwaye umangounjikana. Ndipo mwaye umayendetsa magetsi. Ukakuta dongo lonse kuchokera pa waya wapakati kufika ku chitsulo cha kunja, magetsi amangotsetsereka pa mwayewo kupita ku bodi m'malo molumpha pa gapu, kampata ka kunsonga kwa pulagi. N'chifukwa chake pulagi yooneka yatsopano, yosadyeka n'komwe, imakhala yakufa. Ntchito imene mwafotokozayo, makilomita awiri kenako ola lathunthu chiimire, mu Juni wa ku Bembeke chifunga chili mbuu, pulagi siingafike pa kutentha kumeneko ngakhale kabuleta atakhala wabwino.

Mlimi wa ku Bembeke: Palembedwa TEA, madala. Za kulira chiimirezo ndamva, koma ndikaizimitsa ndiye anyamata azikankha.

Mkulu wa ku Tsangano: Kuvuta kudzukako ndi mwana wa vuto lomwelo. Likatha izidzuka kamodzi.

Makaniko wa pa Lizulu: Yambani ndi mpweya. Sefa ya mpweya pa thalakitala imeneyi ndi ya oyilo, ili ndi kabakuli pansi. Masulani kabakuliko. Mkati muli mzere wosonyeza polekezera oyilo. Zolakwika zimene zimapezeka kawirikawiri ndi zitatu: oyilo wadutsa mzere, kapena anathiramo oyilo wolemera wa giyabokosi, kapena pansi padzaza matope a fumbi mpaka oyilo wakwera yekha. Zonsezi zimatsamwitsa injini ngati mwakoka choko, kachitseko kochepetsa mpweya podzutsa injini. Tayani, tsukani ndi parafini, thirani oyilo yemweyo wa mu injini kulekeza pa mzere. Mawaya opiringizika a m'kati mwa sefa atsukeninso ndi parafini, adonthe mpaka aume. Nthawi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, kabakuli kameneka kamafunika kukaona tsiku lililonse. Finyaninso paipi ya labala yopita ku kabuleta, yakale imafewa n'kumaphwatalala injini ikamakoka mpweya.

Njira yachidule yodziwira: pamalo opanda fumbi, chotsani paipiyo pa kabuleta, lizani injini mphindi ziwiri zokha. Utsi wakuda ukachepa, wolakwa ndi sefa. Paipi ili chichotsere choncho, suzumirani m'kamwa mwa kabuleta muone ngati kachitseko ka choko kakutsegukiratu mukabweza kandodo kake. Sipuling'i yake ikatopa kamatsalira pakati.

Mayi wa sitolo ya zipangizo pa Dedza boma: Muonjezere funso la mafuta. Petulo mukugula pa pampu kapena wa m'zigubu? Wa m'zigubu wina amakhala wosakaniza ndi parafini. Parafini sauluka msanga ngati petulo, mu injini yozizira amalowa ali madontho, sapsa yense, amadetsa mapulagi ndipo wotsalayo amatsikira mu sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, n'kusungunula oyilo. Donthezani pang'ono pa pepala loyera. Petulo weniweni amauma msanga osasiya banga, wa parafini amachedwa ndipo fungo lake limatsalira. Komanso petulo wathu muno amasakaniza ndi ethanol. Ethanol amakoka chinyezi, ndiye thalakitala ikakhala miyezi itatu osayenda, m'thanki mumayamba dzimbiri. Onani kagalasi ka pansi pa mpopi wa thanki. Mukaona madzi pansi kapena tinyenyeswa tofiira, tomweto tikukakhala pa nidulo, kasingano kotseka petulo mu kabuleta.

Mlimi wa ku Bembeke: Wa pa pampu mayi, kupatula nthawi imene wasowa. Mu kagalasi muli tofiira pang'ono. Sefa ndapeza oyilo wadutsa mzere pafupifupi chala chimodzi chopingasa, pansi matope. Ndatsuka. Utsi wachepa koma sunathe. Chinanso ndaona, ikagona usiku mpopi uli wotsegula, m'mawa pansi pa kabuleta pamakhala ponyowa.

Makaniko wa pa Lizulu: Eyaa, apo ndiye mwanena. Kabuleta akusefukira. Thalakitala imeneyi ilibe pampu ya mafuta, thanki ili pamwamba pa injini ndipo petulo amangotsika yekha. Chomuletsa ndi chimodzi basi: fuloti, kachitini koyandama pa petulo mu kabuleta, ikakwera imakankha nidulo n'kutseka bowo. Nidulo ikapanda kutseka, petulo amakwera kudutsa muyezo, jeti, kabowo kopereka petulo ku injini, imayamba kutulutsa wochuluka pa liwiro lililonse.

Ambiri a TEA ali ndi kabuleta wa Zenith 24T. Tsekani mpopi, masulani kabuleta yense, mugawe pakati mosamala kuti gasiketi isang'ambike. Fuloti ndi ya mkuwa, yopanda kanthu mkati. Igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva kuti khuchukhuchu, yabooka ndipo yamwa petulo, ndiye ikumira m'malo moyandama. Ngati simukumva kanthu, imizeni m'madzi otentha amene mwaphula kale, kutali ndi moto. Pobooka pamatuluka tithovu motsatizana. Yobooka pang'ono imawotchereka ndi soda (mtovu wowotcherera uja), koma muyambe mwatulutsa petulo yense ndi kuiumitsa padzuwa, ndipo soda akhale wochepa kwambiri chifukwa akachuluka fuloti imalemera n'kubwezeretsa vuto lomwelo. Ikapezeka yatsopano ndi bwino kuposa.

Nidulo: yang'anani nsonga yake. Ikakhala ndi mkombero wodyeka woti chikhadabo chikukodwa, yatha, musinthe pamodzi ndi mpando wake. Poyesa, tembenuzani chigawo chapamwamba chadodolido kuti fuloti itsamire nidulo ndi kulemera kwake kokha, kenako uzirani ndi pakamwa polowera petulo. Mpweya usadutse. Onaninso kawashala ka pansi pa mpando wa nidulo, kakang'ambika petulo amazemba m'mbali. Majeti muwauzire ndi mpweya, osawapisa waya wachitsulo, bowo likakula silibwereranso. Thanki itsukidwe, apo ayi sabata yamawa dzimbiri labwerera pa nidulo. Ndipo mpopi uzitsekedwa madzulo alionse.

Mphunzitsi wa zamakina ku Ntcheu: Ndiikepo chimodzi chimene mabuku a ku England sanatiganizire. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo Bembeke ndi Tsangano ndi kumtunda komweko. Pamtunda wotere mpweya ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 alionse. Kabuleta sadziwa zimenezo, amathira petulo pafupifupi yemwe uja pa mpweya wochepa. Choncho thalakitala yotcheredwa bwino ku Golomoti kapena ku Mtakataka, ikakwera phiri kubwera kuno imayamba kudya mafuta mopitirira. Mphamvunso imatsika, pafupifupi magawo atatu pa 100 pa mamita 300 alionse amene mwakwera. Mwayi wake Zenith ameneyu jeti yake yaikulu ili ndi sikuluwu yotchera.

Katcheredwe kake. Choyamba werengani kuti pano yatsegulidwa kangati: ilowetseni pang'onopang'ono mpaka ingogunda, mukuwerenga, osamanga mwamphamvu chifukwa nsonga yake imaphwanyika. Lembani nambalayo, bwezerani pomwe inali. Tenthetsani injini ndithu. Ikani liwiro la ntchito, ngati lolimira. Lowetsani sikuluwu kotala, dikirani masekondi khumi, kotala wina, mpaka injini iyambe kufooka kapena kukwera ndi kutsika yokha. Pamenepo bwezerani kotala kapena theka. Kenako yesani: kuchokera pa liwiro lotsika tsegulani mafuta mwadzidzidzi. Ikadzuka bwino popanda utsi wakuda, mwapeza. Ikatsamwa kapena kuphulika ku kabuleta, mwaimana mafuta, tsegulani kotala wina. Sikuluwu yaing'ono ya pamwamba ndi ya pamene injini ikulira chiimire, ndipo imeneyo imayeza mpweya: kuitulutsa ndi kuchepetsa mafuta, kuilowetsa ndi kuonjezera.

Koma zonsezi zichitike fuloti itakonzedwa ndi magetsi atayesedwa. Kutchera jeti pa kabuleta wosefukira n'kutaya nthawi. Musamanenso mafuta mopitirira pofuna mapulagi oyera mbee, injini yomanidwa imatentha mavalavu. Mtundu wofunika ndi wotuwa mofiirira, ngati tiyi wamkaka.

Wamagetsi wa ku Chimbiya: Mwatchula magetsi aphunzitsi, ndilowe. Mwaye wouma pa mapulagi onse umabweranso ndi moto wofooka, ndipo anthu amalimbana ndi kabuleta mwezi wathunthu vuto lili pa koyilo, chipangizo chokweza magetsi opita ku mapulagi. Zulani waya wapakati pa chivindikiro cha disitiributa, mugwire ndi pulayala ya zogwirira za labala, nsonga yake italikirane ndi bodi ya injini mamilimita 6. Wina alize sitata. Moto wabwino ndi wabuluu, umalumpha ndi kaphokoso koti thwa thwa. Wofiira, woonda, wolumpha mwa apo ndi apo ndi wodwala. Chitani zimenezi mbali yotalikira kabuleta, pansi pasakhale petulo wotayika. Pa Ferguson imeneyi sitata imalira ndi ndodo ya magiya, ndiye wolizayo akhale pampando, wina aliyense atalikire fani ndi matayala.

Mapointi, tizitsulo tiwiri totseka ndi kutsegula magetsi mu disitiributa: gapu yake ndi 0.015 ya inchi, kapena kuti mamilimita 0.38, poyeza ndi feeler gauge, timalata topyapyala toyezera mipata, pamene chidendene chake chakwera pamwamba penipeni pa kamu. Chidendenecho chimadyeka, gapu imachepa, moto umafooka ndi kuchedwa. Mapointi akakhala opsa, abuluu kapena ndi chibowo mbali imodzi ndi kaphiri mbali inayo, kondensa nayo ikayikireni. Mukasintha gapu, taimingi, nthawi imene moto umalumphira, imasuntha, ndiye muionenso. Gwirani rota muipotoze pang'ono mbali imene imazungulirira, mukaisiya izibwerera yokha. Ikakhala gwa, zitsulo za mkati zofulumizitsa moto zachita dzimbiri. Dontho limodzi kapena awiri a oyilo pansi pa rota limathandiza. Chivindikiro muchione mkati pa kuwala, timizere takuda tonga ta pensulo ndi njira zimene moto ukuthawira. Mawaya atsatane 1, 3, 4, 2.

Tsopano funso lalikulu: ili pa mavoti 6 kapena 12, ndipo batire mbali iti yapita ku bodi?

Mlimi wa ku Bembeke: 12. Ili ndi alternator, negetivu ku bodi. Koyilo ndi yakale yolembedwa SW ndi CB.

Wamagetsi wa ku Chimbiya: Ndimayembekeza zimenezo. Mathalakitala amenewa anatuluka ndi dayinamo ndipo pozitivu ndiyo inkapita ku bodi. Koyilo ya nthawi imeneyo, SW inkapita ku switchi, CB ku mapointi. Anthu akaika alternator amatembenuza batire koma mawaya awiri aang'ono a koyilo amawasiya momwemo. Injini imalirabe, koma moto umalumpha chobwerera pa pulagi ndipo umafuna mphamvu yochuluka kuti udutse gapu yomweyo. Pa pulagi yoyera simuona kusiyana, pa yamwaye ndi pamene imagonja. Ngati koyiloyo ndi yobadwa nayo, sinthanitsani mawaya awiriwo. Pa koyilo yolembedwa + ndi -, lamulo ndi lophweka: chizindikiro chimene batire yapereka ku bodi ndi chomwecho chipite ku mapointi.

Yezaninso ndi mita pakati pa timabawuti tiwiri ta koyilo. Ya mavoti 12 yosafuna resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi, imaonetsa ma ohm pafupifupi 3. Mukapeza 1.5, imeneyo ndi ya mavoti 6 kapena yofuna resistor, ndipo pa 12 imatentha n'kumapsereza mapointi. Mawaya a mapulagi akhale a kopa mkati. Mukaphatikiza mawaya a kaboni a galimoto zamakono, mapulagi okhala ndi chilembo R amene ali ndi ma ohm pafupifupi 5,000 mkati, ndi tizipewa ta resistor pamwamba, koyilo yachikale imafika yotopa.

Mnyamata wa pa garaja ku Kampepuza: Zonsezo ndamva akuluakulu, koma pulagi yotentha imathandiza ndithu. Komanso pali njira ija yozula waya pang'ono pa pulagi kuti moto uzilumpha kawiri, silinda yogona imadzuka pompo.

Wamagetsi wa ku Chimbiya: Imadzukadi, sukunama. Kampata kameneko kamakakamiza koyilo kuunjika mphamvu isanatulutse, ndiye moto umafika pa pulagi mwadzidzidzi usanapeze nthawi yothawira pa mwaye. Ndi njira yofikitsira ngolo kumsewu, si yokhalira nayo. Imatopetsa koyilo, imabowola rota, ndipo ndi moto wapoyera pansi pa thanki ya petulo, pa thalakitala imene tangomva kuti kabuleta wake akudontha.

Mayi wa sitolo ya zipangizo pa Dedza boma: Za kutentha kwa pulagi anthu amasokoneza manambala. Pa mapulagi a kampani ya NGK nambala yaing'ono ndiyo yotentha: 5 ndi yotentha kuposa 6, 6 kuposa 7. Pa Champion ndi Bosch n'chotembenuza, nambala yaikulu ndiyo yotentha. Kutenthaku si kwa moto wolumpha, ndi kwa nsonga: yotentha ili ndi dongo lalitali losataya kutentha msanga. Kukwera sitepe imodzi pa thalakitala ya ntchito zopepuka palibe vuto. Masitepe awiri kapena atatu, tsiku limene mudzaimangirire pulawo m'munda wouma nsonga idzapitirira madigiri 800, mafuta n'kumayaka moto usanafike, ndipo zimenezo zimabowola pisitoni.

China chofunika kuposa ndi kutalika kwa mazinga. Pa NGK, B kumayambiriro ndi mazinga a mamilimita 14 m'mimba mwake, H ndi otalika mamilimita 12.7, E ndi 19. Yezani kuya kwa bowo la pa hedi yanuyo ndi kawaya kopinda nsonga, musangotengera pulagi imene mwaipezamo. Yaifupi mu bowo lalitali imabisala m'dzenje, imada msanga, ndipo mazinga otsalawo amadzaza mwaye. Yaitali mu bowo lalifupi imatulukira mkati, ikhoza kugunda, ndipo pomasula imadya mazinga a hedi.

Mlimi wa ku Bembeke: Nanga ma seti awiri akudawa nditaye? Ena akuti ndiwaike pa mbaula.

Makaniko wa pa Lizulu: Osataya, komanso osaika pa mbaula. Makala amatenthetsa pulagi yonse, dongo limang'aluka, phulusa limalowa mkati. Ngati pali ka gasi kowotcherera, lozetsani lawi pa nsonga pokha mpaka mwaye upse dongo liyere, isiyeni izizire yokha osaiviika m'madzi. Popanda gasi, mankhwala otsukira kabuleta ndi mswachi wakale, kenako iume. Burashi ya waya ikhale ya mazinga okha. Pa dongo imasiya timizere tachitsulo timene timayendetsa magetsi ngati mwaye womwewo. Gapu ikani mamilimita 0.7 mpaka 0.75, popinda kachitsulo ka m'mbali kokha, osatsamira waya wapakati. Pomanga, yambani ndi zala mpaka igunde. Yatsopano onjezerani theka la kuzungulira ndi sipanala kuti washala aphwatalale, yakale kangachepe chabe. Amene ali ndi sipanala yoyeza, ndi 25 mpaka 35 Nm pa hedi yachitsulo ngati imeneyi.

Mkulu wa ku Tsangano: Palibe amene wafunsa za themositati, kachitseko koletsa madzi kupita ku redieta injini isanatenthe. Amakaniko ambiri kuno amaichotsa n'kutaya, ati dziko lathu n'lotentha. Ku Nsanje kapena, koma osati kuno kumene madzi a m'ndowa amaluma zala m'mawa. Popanda themositati madzi amazungulira mu redieta kuyambira pa sitata, injini siifika madigiri 75 mpaka 85 amene imafuna, petulo amalowa ali madontho, choko chimakhalitsa. Themositati imakhala m'kanyumba kamene paipi yapamwamba ya redieta imalumikizana ndi hedi. Kuyesa osamasula: lizani injini yozizira mutagwira paipi yapamwambayo. Izikhala yozizira kwa mphindi zingapo kenako n'kutentha mwadzidzidzi. Ikamafunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, mulibe kapena yakanirira potsegula. Ikapezeka, iyeseni mu poto wa madzi pamoto, itseguke madzi asanawire. Dziwani kuti kuno kumtunda madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100. Podikira yatsopano, phimbani gawo limodzi mwa magawo atatu a redieta ndi katoni m'mawa, koma muchotse dzuwa likakwera kapena mukamakoka katundu pachitunda.

Mlimi wa ku Bembeke: Ndabwera ndi lipoti, pepani ndinasowa masiku atatu. Fuloti inali ndi petulo mkati, ndapeza ina. Nidulo ndasintha. Themositati munalibe, ndaika. Mapointi anali pa 0.008, ndabweza pa 0.015. Mawaya a koyilo ndasinthanitsa, moto tsopano ndi wabuluu. Jeti yaikulu ndailowetsa pafupifupi theka ndi kotala kuchoka pomwe inali. Ikudzuka kamodzi, utsi wakuda watha. Nditakoka ngolo maulendo anayi, 1, 2 ndi 3 ayamba kutuwa. Nambala 4 ikadali yakuda ndi yonyowa, ndipo injini ikalira chiimire ku ekizozi kukumveka kuti pfu, pfu mwa apo ndi apo.

Makaniko wa pa Lizulu: Tafika pa matenda achiwiri aja. Choyamba sinthanitsani pulagi ya 4 ndi ya 1, waya wa 4 muyesenso wina. Kuda kukatsatira pulagi kapena waya, mwapulumuka. Kukatsalira pa silinda 4, pafunika geji ya kompuresheni, yoyeza mphamvu imene silinda ikufinyira mpweya. Injini ikhale yotentha, mapulagi onse anayi kunja, mafuta otsegula mpaka kumapeto, choko chotsegula, mpopi wa thanki wotseka, waya waung'ono wa koyilo wozula. Silinda iliyonse izungulire kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mpaka muvi uleke kukwera. Injini zimenezi si zofinya kwambiri, ndipo kuno kumtunda geji imaonetsa mochepera kusiyana ndi kunyanja, ndiye musadabwe kuona 80 kapena 90 psi. Chofunika ndi kufanana. Yotsika kuposa anzake ndi magawo opitirira 15 pa 100 ili ndi mlandu. Mu yotsikayo thirani supuni imodzi yaikulu ya oyilo pa bowo la pulagi, yezaninso. Ikakwera kwambiri ndi maring'i. Ikapanda kusuntha ndi mavalavu kapena gasiketi. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yapsa pakati pawo.

Mlimi wa ku Bembeke: Kuda kwatsalira pa 4. Geji ndabwereka: 85, 82, 84, 61. Nditathira oyilo mu 4 yafika 64 basi.

Mnyamata wa pa garaja ku Kampepuza: Hedi itsike bwana, mavalavu apsa.

Mphunzitsi wa zamakina ku Ntcheu: Mwina, koma hedi isanatsike vundukulani chivindikiro cha pamwamba muyeze mpata wa mavalavu, injini itazizira. Petulo wa lead anasiya kugulitsidwa m'maiko athu ano cha m'ma 2006, ndipo pa hedi zakale zopanda mipando yolimba, valavu ya ekizozi imamira pang'onopang'ono mu mpando wake. Ikamamira mpata umatha, mapeto ake valavu siitsekeratu. Pfu pfu mukumvayo ndi ameneyo. Zungulitsani injini ndi dzanja mpaka mavalavu awiri a silinda 1 akhale akusinthana, ina ikutseka ina ikuyamba kutseguka. Pamenepo silinda 4 ili pamwamba, mavalavu ake onse ayenera kukhala omasuka. Mpata wa valavu yolowetsa mafuta ukhale 0.010 ya inchi, ya ekizozi 0.012, kapena kuti mamilimita 0.25 ndi 0.30. Mukamanga nati yotsekera sikuluwu yotchera mpatawo yezaninso, chifukwa sikuluwu imakonda kuyenda nayo. Chitani masilinda onse: 1 muyeze pamene 4 ikusinthana, 2 pamene 3 ikusinthana, 3 pamene 2 ikusinthana.

Muli pomwepo onani ngati mabowo obwezera oyilo pansi sanatsekeke ndi phala lakuda. Akatsekeka oyilo amasonkhana kumbuyo kwa hedi, kumene kuli nambala 4, n'kumatsika m'mbali mwa mapesi a mavalavu.

Mkulu wa ku Tsangano: Ndipo oyilo wa mu sampu atayidwe. Kabuleta wasefukira miyezi iwiri, silinda 4 yakhala ikutsuka makoma ake ndi petulo wosapsa, zonsezo zili pansipo. Nunkhizani ndodo yoyezera, mumva. Mu sampu mumalowa malita pafupifupi 7, 20W-50 ndi wabwino pa injini yotopa, sefa yake musinthenso. Osadutsa mzere wapamwamba.

Mlimi wa ku Bembeke: Aphunzitsi mwalasa. Valavu ya ekizozi ya 4 inalibe mpata ngakhale pang'ono, feeler yopyapyala kwambiri imakana kulowa. Ndatchera onse asanu ndi atatu. Kompuresheni ya 4 yafika 77. Pfu pfu watha. Oyilo ndasintha, analidi kununkha petulo. Chatsala ndi kautsi kabuluu pang'ono ikangodzuka m'mawa, ndiponso ndikatsika chitunda cha kudimba n'kupondanso mafuta.

Makaniko wa pa Lizulu: Utsi wabuluu podzuka ndi pambuyo potsetsereka ndi ma guide odyeka, timapaipi timene mapesi a mavalavu amayendamo. Mafuta akatsekedwa, injini imayamwa mwamphamvu ndipo imakoka oyilo m'mbali mwa mapesi. Wa maring'i umatuluka pokoka katundu, limodzi ndi mpweya wambiri pa chivindikiro chothirira oyilo. Ndi 77 mukhoza kumaliza nyengo ya mbatata. Pa nambala 4 pokha ikani pulagi yotentha sitepe imodzi monga ananenera mphwanga wa ku Kampepuza, apa ndiye pamalo pake. Yezaninso mpata wa valavu imeneyo pakatha maola 25 a ntchito. Mukapeza watsika kufika 0.008 kapena kuchepera, mpando ukumirabe, hedi ipite kokaika mipando yolimba ndi ma guide atsopano musanayambe kulima mu Okutobala. Maring'i akadzafika nthawi yake, injini imeneyi ili ndi malaina, makoma a masilinda ochotseka, mumasintha laina, pisitoni ndi maring'i popanda kukabowoletsa buloko.

Mayi wa sitolo ya zipangizo pa Dedza boma: Pokagula ya nambala 4 mutenge pulagi yakale m'thumba ndi muyezo wa bowo uja, tikaone mazinga limodzi pa kauntala.

Mlimi wa ku Bembeke: Zikomo nonse. Anyamata ndawauza kuti popakira izizima. Loweruka ikoka manyowa kuchokera ku khola kukwera nawo kumunda wa kumtunda, ndikamasula pulagi ya 4 pamwamba pa chitunda pomwepo isanalire chiimire, ndidzatumiza chithunzi.